Mchenga wa pa Bwalo la Aroma ndi Mayina Amene Anatisiyira

Mawu akuti bwalo amasenza katundu wambiri m'Chichewa. Mfumu ikaitana mudzi, anthu amakumana pabwalo. Mlandu ukakanika kunyumba umapita kubwalo la milandu. Gule amavinidwa pabwalo, ndege imatera pabwalo, ndipo Lamulungu masana ochemerera amakhamukira kubwalo la mpira. Palibe amasokonezeka, poti nkhani yomwe ikukambidwa imanena yokha kuti ndi bwalo liti. Koma mawu omwewa amachepa mphamvu tikafuna kufotokoza zimene Aroma akale anamanga. Munthu akaona chithunzi cha Colosseum, chinyumba chozungulira chogumuka mbali imodzi chija cha mumzinda wa Roma ku Italy, amati ndi bwalo la masewera. Sananame, komabe watchula zochepa. Aroma anali ndi nyumba zosiyanasiyana zosonkhaniramo khamu, iliyonse ndi dzina lake, kamangidwe kake ndi ntchito yake, ndipo Mroma wamba sakanazisokoneza, monga ife sitingasokoneze chigayo ndi tchalitchi. Dzina lenilenilo linkamuuza munthu chimene akaone akakhala pansi.

Gwero la mayinawa lili kwa Agiriki. Iwo anali ndi mawu akuti theatron, kutanthauza malo oonerera. Ankasankha phiri lotsetsereka bwino, n'kukonza mipando m'mbali mwake mokhota ngati uta, kuti aliyense ayang'ane kutsogolo kumene kwaima ochita zisudzo ndi oimba. Ku Epidaurus m'dziko la Greece malo otere alipobe, okwana anthu pafupifupi 14,000, ndipo mawu a munthu woima pansi amamveka mpaka kumzere wapamwamba. Owerenga Baibulo anakumana kale ndi nyumba yotereyi, mwina osazindikira. Pa Machitidwe 19, osula siliva a ku Ephesus, mzinda umene Baibulo lathu limautchula Efeso, atakwiya ndi ulaliki wa Paulo, khamu linagwira anzake awiri n'kuthamangira nawo ku theatron ya mzindawo, kumene linafuula kwa maola awiri. Malowo alipo mpaka lero m'dziko la Turkey, ndipo ankalowa anthu pafupifupi 25,000. Tikuona apa kuti malo a zisudzo analinso malo a misonkhano, ndipo khamu likadzaza pamodzi limatha kunjenjemeretsa olamulira.

Akuluakulu a ku Roma ankadziwa zimenezi. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri ankakana kuti mumzinda wawo mumangidwe theatrum, dzina la Chilatini la nyumba ya zisudzo yotere, ya miyala. Ankalola ya matabwa yokha, yoti iphwasulidwe chikondwerero chikatha. Yoyamba ya miyala inatsegulidwa mu 55 BC ndi mkulu wa nkhondo Pompey, amene anachenjera pomanga kachisi wa mulungu wamkazi Venus pamwamba pa mipando, kuti mipandoyo ioneke ngati makwerero opita kukachisi.

Nyumba ya zisudzo ili ndi kutsogolo ndi kumbuyo. Amphitheatrum ilibe. Mawu akuti amphi ndi Achigiriki, otanthauza mbali zonse ziwiri kapena mozungulira, choncho dzinali likunena malo oonerera ozinga bwalo lonse. Ngakhale dzina ndi Lachigiriki, nyumbayo ndi ya Aroma enieni, Agiriki sanaiyambe. Mlembi Pliny wamkulu anasimba za wandale wina, Gaius Scribonius Curio, amene cha m'ma 52 BC anamanga nyumba ziwiri za zisudzo za matabwa zofulatirana. M'mawa iliyonse inkaonetsa sewero lake, kenako ankazitembenuza pa zitsulo zozungulira kuti ziyang'anizane, pakati n'kukhala bwalo limodzi la omenyana. Nkhaniyi imathandiza kuona chithunzi cha mauta awiri olumikizana, koma Curio sindiye anayambitsa kamangidweka. Kanalipo kale.

Kuti timvetse chifukwa chake Aroma anafuna nyumba yopanda kutsogolo, tiyenera kupita kumaliro. Mu 264 BC, Decimus Junius Brutus Pera atamwalira, ana ake aamuna anaonetsa anthu 6 akumenyana awiriawiri pamsika wa ng'ombe wotchedwa Forum Boarium. Olemba mbiri Achiroma amati mwambowu unayambira pamenepo mumzinda wawo. Womenyanayo ankatchedwa gladiator, kuchokera ku gladius, lupanga lalifupi la msilikali. Chionetserocho sichinkatchedwa masewera ayi. Chinkatchedwa munus, kutanthauza udindo, kapena mphatso imene munthu ayenera kuipereka, ndipo apa inali ya kwa malemu. Dzinali linakakamira ngakhale pamene maliro anasanduka chonamizira chabe. Mu 65 BC Julius Caesar, akufunafuna kutchuka, anaonetsa magulu 320 a awiriawiri polemekeza bambo ake omwe anali atagona m'manda zaka 20.

Kwa nthawi yaitali ndewuzi zinkachitikira pa Forum, bwalo la pakati pa mzinda, lomwe linali lalitali kuposa m'lifupi mwake. Akalipentala ankakhoma mipando ya matabwa mozungulira. Akatswiri ambiri amaona kuti maonekedwe angati dzira a amphitheatrum anachokera pamenepa. Ndi maonekedwe oganiziridwa bwino, ndipo kuganiziridwa kwakeko n'komwe kumandiwawa mtima. Bwalo lopanda ngodya lilibe pothawira. Munthu kapena nyama yochita mantha siingapeze kona yodzipanikizamo. Ndewu imayenda uku ndi uku, choncho sipafunika kutsogolo. Ndiponso aliyense wokhala pampando amaona zinthu ziwiri nthawi imodzi: munthu akufa pansi, ndi nkhope za anzake tsidya linalo akuonerera imfa yomweyo.

Bwalo lakale kwambiri la miyala limene lasungika bwino lili ku Pompeii, kumwera kwa Italy, ndipo linamangidwa cha m'ma 70 BC, patangopita zaka zochepa asilikali opuma a mkulu wa nkhondo Sulla atapatsidwa malo mumzindamo. Akuluakulu awiri, Gaius Quinctius Valgus ndi Marcus Porcius, analimanga ndi ndalama zawo. Mawu amene analemba pamwala sakunena amphitheatrum, chifukwa dzinali linali lisanafale. Akuti spectacula, ndiko kuti zoonerera. Amisiri anakumba pansi, dothi lotulukamo n'kuliunjika m'mbali kuti lichirikize mipando ya anthu pafupifupi 20,000. Mu 59 AD anthu a ku Pompeii anayambana ndi alendo ochokera kumzinda woyandikana wa Nuceria. Zinayamba ndi kunyozana, kenako miyala, kenako malupanga, ndipo ambiri a ku Nuceria anaphedwa. Nyumba ya malamulo ya ku Roma, Senate, inaletsa zionetsero zotere ku Pompeii kwa zaka 10. Patapita zaka 20 chichitikire chipolowecho, mu 79 AD, phiri la Vesuvius linaphulika n'kukwirira mzinda wonse ndi phulusa, ndipo phulusalo ndilo linatisungira bwaloli.

Matabwa anali ndi tsoka lake. Mu 27 AD, ku Fidenae, pafupi ndi Roma, munthu wina womasulidwa ku ukapolo dzina lake Atilius anamanga bwalo la matabwa pofuna phindu, pamaziko osalimba ndi mitanda yosalumikizika bwino. Mfumu ya nthawiyo, Tiberius, sinkakonda kuonetsa zionetsero, choncho anthu anali ndi ludzu, ndipo anakhamukirako amuna, akazi ndi ana. Nyumbayo inagwa. Wolemba mbiri Suetonius akuti anafa anthu oposa 20,000. Wolemba mbiri wina, Tacitus, akuti akufa ndi ovulala pamodzi anali 50,000. Senate inalamula kuti munthu wosakwanitsa chuma cha ndalama za sesterce 400,000 asaonetsenso magladiator, ndipo kuti bwalo lisamangidwe pamalo osayesedwa kulimba kwake.

Colosseum inabadwa m'ndale. Moto waukulu wa mu 64 AD utapsereza mbali yaikulu ya Roma, pamodzi ndi bwalo la miyala limene Statilius Taurus anamanga mu 29 BC, mfumu Nero inalanda malo ambiri pakati pa mzinda n'kumangapo nyumba yachifumu yokhala ndi minda ndi nyanja yokumba. Nero atafa mu 68 AD, panabuka nkhondo yolimbirana mpando, ndipo wopambana anali Vespasian wa banja la Flavius. Iye anaumitsa nyanja ya Nero ija n'kuyamba kumangapo bwalo la anthu onse. Uthenga wake unali womveka kwa aliyense: malo amene mfumu yapita inadzitengera, ine ndikukubwezerani. Ndalama zinachokera ku zofunkha za nkhondo, ndipo nkhondo yaikulu ya banjali inali ya ku Judea, kumene mwana wake Titus anawononga Jerusalem ndi kachisi wake mu 70 AD. Titus yemweyo ndiye anatsegula bwaloli mu 80 AD ndi zionetsero za masiku 100, ndipo wolemba mbiri Cassius Dio akuti nyama 9,000 zinaphedwa.

Aroma a nthawiyo ankangoti amphitheatrum. Dzina lakuti Colosseum linabwera patapita zaka mazana ambiri, ndipo ambiri amaligwirizanitsa ndi chifanizo chachikulu cha mkuwa, colossus, chimene Nero anaimika pafupi, chotalika mamita oposa 30. Chifanizocho chinatha kalekale, dzina lake n'kutsalira nyumba yoyandikana nayo. Nyumbayi ndi yaitali mamita 189, m'lifupi 156, ndipo khoma lakunja limakwera mamita pafupifupi 48. Siitsamira phiri lililonse ngati nyumba za Agiriki. Imadziimira yokha pa zipilala zolumikizidwa ndi mauta a miyala, njerwa ndi konkire. Miyala yoyererako ya kunja inkasemedwa ku Tivoli. Munkalowa anthu pafupifupi 50,000.

Tsopano tilowe mkati, chifukwa mayina ofunika kwambiri ali m'menemo. Pansi penipeni pali arena. Lero mawuwa amalembedwa pa nyumba zikuluzikulu za masewera ndi zoimbaimba m'mayiko ambiri, ndipo amamveka apamwamba. M'Chilatini harena ndi mchenga basi. Ankauthira pansi kuti omenyana asaterereke ndiponso kuti umwe magazi. Pakati pa ndewu ndi inzake antchito ankausalaza n'kuwonjezera wina. Bwalo la mchengali linali locheperako poyerekeza ndi bwalo la mpira la masiku ano. Pansi pa mchenga panali matabwa, ndipo pansi pa matabwa panali hypogeum, mawu Achigiriki otanthauza za pansi pa nthaka. Mbali imeneyi inawonjezedwa ndi Domitian, mng'ono wake wa Titus. Inali misanjiko iwiri ya tinjira ndi tizipinda, mmene munkasungidwa nyama m'makola, zida ndi zokongoletsera bwalo. Akapolo ankazunguza mitengo yokulunga zingwe kuti zikepe zikwere, chitseko cha pansi n'kutseguka, nyalugwe n'kutulukira pakati pa mchenga ngati wachita kumera. Mlendo wopita ku Colosseum lero amaona makoma a tinjira timeneti ali poyera chifukwa matabwa aja anatha. Ndimaganizira anthu amene ankagwira ntchito m'menemo, mumdima wa nyali za mafuta, m'fungo la ndowe ndi magazi, phokoso la khamu likugunda pamutu pawo.

Mchenga unkazingidwa ndi khoma lalitali, ndipo pamwamba pake panali podium, malo a anthu olemekezeka kwambiri. Mawu omwewa lero amanena kansanja koimapo woyankhula kapena wolandira mendulo. Kuchokera pamenepo kukwera m'mwamba inali cavea, mipando yonse pamodzi, mawu onena chinthu cha mphako. Makwerero otsika kuchokera pamwamba ankaidula m'zigawo zopapatiza pansi ndi zotambasuka pamwamba, ndipo chigawo chilichonse chinkatchedwa cuneus, dzina la mphero yowazira chipika.

Apa ndi pamene pali mtima wa nyumbayi. Munthu sankakhala pamene wafuna. Mfumu Augustus inakhazikitsa malamulo a kakhalidwe pa zionetsero, ndipo amisiri a Colosseum anawasandutsa miyala. Mfumu inali ndi malo akeake. Mamembala a Senate ankakhala pa podium, pafupi kwambiri ndi mchenga, ndipo mayina a ena mwa iwo akuonekabe osemedwa pa miyala. Kumbuyo kwawo kunali gulu lachiwiri la olemera, equites. Kenako nzika wamba zovala toga, nsalu yoyera ya unzika. Asilikali anali ndi malo awo, amuna okwatira malo awo, anyamata malo awo pafupi ndi aphunzitsi awo. Ovala zakuda zaumphawi ankakankhidwira m'mwamba. Akazi nawo anaikidwa kumtunda kwenikweni, kupatula anamwali otumikira mulungu wamkazi Vesta, amene anali ndi mipando yaulemu pansi. Pakati pa zigawo panali makoma, ndipo makwerero anakonzedwa kuti wosauka asakumane ndi wa Senate panjira. Kulowa nthawi zambiri kunali kwaulere, poti chionetsero chinali mphatso ya mfumu kapena ya mkulu wina. Koma mphatsoyo inkabwera ndi phunziro. Mroma akakweza maso ankaona mtundu wake wonse utasanjidwa mizeremizere, n'kudziwa bwino amene ali pamwamba pake ndi amene ali pansi pake m'moyo. Pansi pa onse, pamchenga, panali anthu amene sankawerengedwa n'komwe: akapolo, ogwidwa kunkhondo, oweruzidwa kuti afe.

Pansi kuzungulira nyumba yonse panali makomo 80. Mwa amenewa 76 anali ndi manambala, ndipo ena akuwerengekabe pamwamba pa mauta a mbali yakumpoto. Munthu ankalowa pakhomo lake, kukwera makwerero ake, n'kutulukira pakamwa pa njira yoloza chigawo chake. Makomo otulukira m'mipandowa amatchedwa vomitoria, kuchokera ku mneni wotanthauza kusanza kapena kulavula. Pali mphekesera yofala yakuti zinali zipinda zimene Aroma ankasanziramo kuti apitirize kudya. Si zoona. Mlembi Macrobius, amene anatchula mawuwa cha m'ma 400 AD, ankanena njira zimene zimalavula khamu m'mipando. Luso limeneli si laling'ono, ndipo ife tikudziwa zimene zimachitika anthu ambiri akapanikizana pachipata: pa 6 July 2017 anthu 8, ambiri a iwo ana, anamwalira pa Bingu National Stadium ku Lilongwe pa tsiku lokumbukira ufulu. Omanga mabwalo lero amatsatirabe nzeru yomweyo ya makomo ambiri ndi njira zosakumana.

Pamwamba pa zonse panali velarium, chinsalu chachikulu chotchinga dzuwa, chomangidwa ku milongoti yoimikidwa kuzungulira khoma. Ochitambasula anali amalinyero ochokera ku gulu la zombo za nkhondo la ku Misenum, anthu odziwa zingwe, matanga ndi mphepo. Pa makoma a ku Pompeii pali zolengeza zionetsero zolembedwa ndi utoto, ndipo zina zimalonjeza kuti nsalu za mthunzi zidzakhalapo, pofuna kukopa anthu.

Tsiku la chionetsero linali ndi ndondomeko. M'mawa kunkakhala venatio, ulenje: alenje kumenyana ndi nyama, kapena nyama kumenyana zokhazokha. Apa Africa imalowa m'nkhani. Mikango, anyalugwe, njovu ndi nthiwatiwa zambiri zinkagwidwa kumpoto kwa Africa n'kuwolotsedwa nyanja ya Mediterranean m'makola. Mvuu ndi ng'ona zinaonetsedwa ku Roma mu 58 BC, ndipo Caesar anabweretsa nyamalikiti mu 46 BC. Masana dzuwa lili paliwombo inali nthawi yopha oweruzidwa, ena powaponyera zilombo, ena powaotcha. Mlembi Seneca analemba kuti tsiku lina analowa nthawi imeneyi poyembekezera zopepuka, koma anapeza kuphana kwenikweni kwa anthu opanda chodzitetezera. Madzulo ndiye kunkabwera magladiator, ophunzitsidwa m'sukulu yotchedwa ludus pansi pa mwini wake, lanista. Ankawaphatikiza mosiyanitsa zida: retiarius wa ukonde ndi mkondo wa mano atatu ankakumana ndi secutor wa chisoti chosalala ndi chishango chachikulu. Panali woyimbira ndewu wonyamula ndodo. Wogonja ankatha kupempha missio, kumasulidwa ali moyo, ndipo kawirikawiri ankapatsidwa, pakuti gladiator wophunzitsidwa anali wodula. Komabe chigamulo chinali m'manja mwa wopereka chionetsero, amene ankamvera mfuu ya khamu, ndipo wokanidwa ankaphedwa pomwepo. Mfumu Trajan itagonjetsa dziko la Dacia inachita zionetsero za masiku 123, za omenyana 10,000 ndi nyama 11,000.

Si Aroma onse anali ndi mtima wa mwala nthawi zonse. Pa zionetsero za Pompey mu 55 BC, njovu zolasidwa zinalira momvetsa chisoni mpaka khamu linaimirira n'kutemberera Pompey. Wandale ndi mlembi Cicero, amene analipo, analemba kuti anthu anamva ngati nyamayo ili ndi ubale ndi munthu. Koma chisoni cha tsiku limodzi sichinaimitse mwambowo.

Njovu zimenezi sizinafere mu amphitheatrum. Zinafera mu circus, ndipo iyi ndi nyumba inanso. Circus inali ya mpikisano wa magareta okokedwa ndi akavalo. Inali yaitali kwambiri, yokhota kumapeto amodzi, ndipo kumapeto enawo kunali makola oyambira otchedwa carceres, mawu omwenso ankatanthauza ndende. Pakati panali chotchinga chachitali chimene magareta ankachizungulira kasanu ndi kawiri. Circus Maximus ya ku Roma inali yaitali mamita pafupifupi 600 ndipo inkalowa anthu osachepera 150,000, katatu kuposa Colosseum. Magulu anali anayi, Ofiira, Oyera, Obiriwira ndi Abuluu, ndipo anthu ankawachemerera ndi mtima wonse monga timu ya mpira. Kumeneku amuna ndi akazi ankakhala limodzi. Kalendala ya mu 354 AD imaonetsa kuti pachaka masiku a magladiator anali 10 okha, pamene a circus anaposa 60 ndipo a zisudzo anali pafupifupi 100. Choncho chimene Mroma ankaonera kawirikawiri anali akavalo ndi masewero, ndipo ndewu za pamchenga zinali za apo ndi apo, zodula, zoyembekezedwa kwa miyezi. Agiriki ankatchula nyumba ya akavaloyi hippodromos, njira ya akavalo. Mu ya ku Constantinople, mzinda umene lero ndi Istanbul, ndimo munayambira chipolowe cha mu 532 AD chimene chinatsala pang'ono kugwetsa mfumu Justinian.

Nanga sitediyamu yathu ija? Nayo ndi ya Agiriki, ndipo poyamba sinali nyumba koma muyeso wa mtunda. Stadion inali mapazi 600. Ku Olympia ndi mamita pafupifupi 192. Mpikisano wothamanga mtunda umenewu unatenga dzinali, kenako malo othamangirawo analitenganso. Tanthauzo lililonse lili m'Chipangano Chatsopano. Pa Luka 24, mudzi wa Emau uli pa mtunda wa mastadiya 60 kuchokera ku Jerusalem, ndipo pa 1 Akorinto 9, pamene Paulo akunena za othamanga amene mmodzi yekha amalandira mphoto, mawu Achigiriki a malo othamangirawo ndi stadion. Aroma sankatengeka kwambiri ndi masewera a Agirikiwa, komabe Domitian anamanga stadium ku Roma cha m'ma 86 AD. Nyumba za m'zaka zotsatira zinamangidwa pamwamba pa mipando yake, ndipo bwalo la Piazza Navona lasunga maonekedwe ake aatali mpaka lero. Chodabwitsa n'chakuti sitediyamu yamakono, yozingidwa ndi mipando mbali zonse, yokhala ndi makomo a manambala, imafanana kwambiri ndi amphitheatrum kuposa stadion imene inaipatsa dzina. Panalinso odeum, nyumba yaing'ono yofoleredwa ya nyimbo ndi ndakatulo, komanso naumachia, dziwe lokumba lochitiramo nkhondo ya zombo yoonetsa, monga limene Augustus anakumba mu 2 BC.

Kumene Aroma anakhazikika, bwalo la mchenga linkawatsatira. Mabwinja a mabwalo oposa 200 apezeka, ambiri kumadzulo kwa ufumuwo. Alipo ku Nîmes ndi ku Arles m'dziko la France, ku Pula m'dziko la Croatia, ku Verona m'dziko la Italy, ndipo la ku London linapezeka mu 1988 pansi pa bwalo la Guildhall. Limodzi mwa aakulu kwambiri lili pa nthaka ya Africa, ku El Jem m'dziko la Tunisia, mzinda umene unkatchedwa Thysdrus ndipo unalemera ndi mafuta a maolivi. Linamangidwa cha m'ma 238 AD, lokwana anthu pafupifupi 35,000, ndipo mpaka lero limaoneka patali pamwamba pa nyumba za m'tauniyo. Ku Carthage, m'dziko lomwelo, ndiko kumene mu 203 AD Perpetua, mayi wachitsikana woyamwitsa, ndi Felicitas, kapolo amene anali atangobereka kundende, anaponyedwa kwa zilombo pamodzi ndi anzawo chifukwa cha chikhristu, kenako n'kumalizidwa ndi lupanga. Ku Lyon m'dziko la France mu 177 AD kunafera mkhristu wina, Blandina, mwa njira yofananayo. Anthu ambiri amaganiza za Colosseum akamva za ofera chikhulupiriro, koma nkhani zokhala ndi umboni wolimba n'za mabwalo a m'zigawo ngati amenewa. Akhristu ophedwa ndi Nero mu 64 AD anafa Colosseum isanamangidwe, m'minda yake ndi mu circus ya ku Vatican.

Mwambowu unatha pang'onopang'ono. Mfumu Constantine inaudzudzula m'lamulo la mu 325 AD, koma unapitirira. Kukula kwa chikhristu pamodzi ndi kuchepa kwa ndalama ndi kwa ogwidwa kunkhondo zinaufoola, ndipo ndewu za magladiator zinazimirira m'zaka zoyambirira za m'ma 400 AD. Ulenje wa nyama unakhalitsako. Womaliza wolembedwa mu Colosseum ndi wa mu 523 AD. Zitatero nyumbayi inasanduka chilichonse chimene anthu ankasowa. M'mauta ake munakhala mabanja ndi amisiri, banja lamphamvu la Frangipani linaisandutsa linga, ndipo chivomezi cha mu 1349 chinagwetsa khoma lakunja la mbali yakumwera. Miyala yakugwayo inatutidwa kukamangira nyumba zachifumu ndi matchalitchi. Maenje ambirimbiri ooneka m'makoma ake ndi mmene anthu anakumba pofuna zitsulo zolumikizira miyala. Kugumula kunaletsedwa mu 1749 pamene Papa Benedict XIV anapatula malowa kukhala okumbukira ofera chikhulupiriro, ndipo Njira ya Mtanda imachitikirako Lachisanu Loyera.

Ku Verona bwalolo limatchedwa Arena, ndipo kuyambira 1913 anthu amakhala pa miyala yomweyo usiku kumvetsera zisudzo zoimba. Ku Lucca, ku Italy komweko, mipando inamezedwa ndi nyumba zogonamo, n'kutsala bwalo la maonekedwe a dzira pakati pa tauni. Ku Arles anthu othawa nkhondo analowa mkati, anatseka mauta ndi miyala, n'kumanga nsanja za alonda pamwamba pa khoma. Pamene boma linayamba kuyeretsa malowo m'zaka za m'ma 1820, linapezamo nyumba zoposa 200 ndi matchalitchi ang'onoang'ono awiri, ndipo pamene kale panali mchenga panali bwalo la mudziwo.